Shapa yachedwa, magetsi azima: tikwiye mpaka pati?

Nachisale (Ulongue): Mwaswera bwanji abale anga nonse. Ndawerenga mauthenga a sabata ino ndipo mtima wanga sukukhazikika. Lolemba tinalirira netiweki, Lachiwiri magetsi, dzulo munthu watukwana kobradori (kondakitala) wa shapa, minibasi ija, mpaka kutchula amayi ake chifukwa cha chenji cha mameti 10, ndalama zathu za kuno ku Mozambique. Gulu la WhatsApp lino tinaliyambitsa kuti tiziuzana mitengo ya mbatatesi ndi feteleza, za maliro ndi za misewu. Pano ukatsegula foni m'mawa, ukuyamba tsiku ndi mkwiyo wa anthu ena usanamwe ndi tiyi yemwe. Ndikufunsa ndi mtima wonse: zinthu zimenezi n'zazikulu moti tidwale nazo? Inuyo mumatani kuti kanthu kakang'ono kasakudyereni tsiku lonse?

aJere (Dómuè): Mwafunsa bwino, mayi. Ine ndikamva ana akulira kuti foni sikugwira, ndimangokhala chete chifukwa ndikayankhula misozi ili pafupi. Mu 1986 tidathawa nkhondo kwathu usiku. Amayi adasenza mphika ndi mphasa, ine ndidabereka mlongo wanga wamng'ono, ng'ombe tidazisiya m'khola. Tidakafikira cha ku Lizulu. Amene mumayenda msewu wa Dedza kupita ku Ntcheu mukudziwa kuti malo ambiri malire ndi msewu womwewo, mbali iyi kwathu, mbali inayo Malawi. Anzathu ena minda yawo ankaiona ndi maso, koma kuwoloka kuti ukakumbe ngakhale mbatata kudali kuika moyo pachiswe. Anthu a dziko lino amene adathawira ku Malawi adafika pafupifupi miliyoni imodzi. Mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pobwerera tidapeza nyumba zili mabwinja, m'mabwalo muli tchire lofika m'khosi. Munthu amene adagona kuthengo akumva mfuti, kuzima kwa magetsi sikungamugonetse ndi njala ya mtima. Ana inu, thokozani kuti mukugona m'nyumba, chitseko chili chotseka.

Yamikani wa chopela (Tete): Agogo, ulemu wanu ndikuupereka, ndipo zimene munaona sindingaziyerekeze n'komwe. Koma ndiloleni ndinene. Ife obadwa mtendere utabwera kale, tikangotsegula pakamwa timauzidwa za nkhondo, ngati kuti amene sanathawe mfuti alibe ufulu womva kuwawa. Kwanu ku Angónia mu Juni mumafunda mabulangete. Bwerani kuno mu Okutobala kapena Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, nyumba ya malata, usiku magetsi n'kuzima. Fani yaima, mwana akulira, mukatsegula zenera udzudzu walowa. M'mawa ndikwere chopela, kagalimoto kanga ka matayala atatu konyamula anthu, tulo tili m'maso, pamsewu podzaza ndi malole. Ndipo ukakumbukira kuti damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, mtima umawira ndithu. Ndikadandaula ndiye kuti sindithokoza?

Nachisale (Ulongue): Mwanawe Yamikani, wayankha mwaulemu, ndakondwa. Palibe amene akukuletsa kudandaula. Changa ndi matukwano ndi kusunga mkwiyo mpaka kukagona nawo.

Aphunzitsi (Furancungo): Ndiyikeko pang'ono pa nkhani ya damu, chifukwa kudziwa chimene chachitika kumathandiza kuti mkwiyo usagwere munthu wosalakwa. Cahora Bassa idamalizidwa mu 1974, nthawi ya Apwitikizi, ndipo mphamvu yake ndi mamegawati 2,075. Idamangidwa makamaka kuti izigulitsa magetsi ku South Africa, n'chifukwa chake nthambo zazikulu zimachoka ku Songo, kumene kuli damuli, n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 mpaka pafupi ndi Johannesburg. Nthawi ya nkhondo imene akunena aJere nsanja za nthambozo zidagwetsedwa zambirimbiri, damu lidakhala zaka likugwira ntchito pang'ono chabe, ndipo dziko lathu lidatenga gawo lalikulu la umwini wake mu 2007. Tsono magetsi akazima m'bairo (m'dera la m'tauni) mwanu, nthawi zambiri si kuti ku Songo kwatha mphamvu. Vuto limakhala pakati apa: thiransifoma yalemedwa chifukwa nyumba zachuluka ndipo aliyense wayatsa fani ndi firiji, mtengo wagwera nthambo, mphezi yawomba. Sindikunena kuti zili bwino choncho. Ndikuti mtsikana wogulitsa mayunitsi pa kona paja sakudziwa kanthu, kumukalipira n'kungomupweteka.

Yamikani wa chopela (Tete): Zimenezo ndamva, aphunzitsi. Za nsanja zogwetsedwa sindinkazidziwa.

aPhiri (Ulongue): Amene ndinalemba za kobradori dzulo ndine, ndipo musandiyankhulire m'mbali. Mameti 10 kwa ena ndi kanthu kochepa, kwa ine ndi buledi wa ana m'mawa. Anyamatawa amati "ndikupatsani potsika", ukatsika galimoto yanyamuka. Akachita choncho kwa anthu asanu patsiku ndi ndalama zingati? Amayi Nachisale, inu mumagulitsa mbatatesi, munthu akakuchotserani chidebe chimodzi pa thumba lililonse mudzati n'zazing'ono?

Mnyamata wa shapa (Ulongue-Tete): Bambo Phiri, si ine amene ndinakutengani dzulo, koma ntchito yake ndi yomweyi, ndiye ndiyankhe. Alipo anzathu amene amachitira dala, sindikana. Koma tamvani mmene tsiku lathu limayendera. Timadzuka kusanache kukayika galimoto pamzere. Mwini galimoto ali ndi ndalama yake imene amafuna madzulo, kaya mwadzaza kaya simunadzaze, ndipo mafuta achoke momwemo. N'chifukwa chake shapa sinyamuka pali mpando wopanda munthu. Okwera amati tikuchedwetsa dala, pamene ifenso tikufuna tinyamuke. Kenako m'mawa womwewo anthu atatu oyamba akupatsa ma 1,000, wachinayi 500, iwe m'thumba uli ndi timakobidi tochepa. Chenji uchitenge kuti? Umasunga m'mutu kuti awa ndiwabwezere mwakuti, awo mwakuti, uku ukumanga matumba a chimanga, uku mayi wina nkhuku zake zamasuka pansi pa mpando, uku dalaivala akuimba hutala. Kuiwala kulipo. Mukandikumbutsa ndimabweza pomwepo. Koma munthu akatchula amayi anga, amene sanakwere n'komwe galimotoyo, tsiku lonse limandiwawa, ndipo wokwera wotsatira ndimamuyankha mosayenera asanandilakwire. Amene muli ndi M-Pesa kapena e-Mola tiuzeni pokwera, ambirife timalandira.

aPhiri (Ulongue): Iwe wayankha ngati munthu woleredwa. Ndalama yanga ndikaifunabe ndikamuona mnzakoyo, koma ndamva.

Mayi a Chisomo (Moatize): Ine ndikufuna ndikhote pang'ono, chifukwa nkhani yoti "n'zazing'ono, pirirani" inatipweteka kuno. Fumbi la malasha linayamba ngati kanthu kochepa. Wachapa malaya oyera a sukulu, wayanika, pokanula wapeza ali ndi madontho akuda. Wasinja mgaiwa, wayanika ufa pa mphasa, pofika masana pamwamba pake pachita bii, uyenera kuukokolola ndi dzanja n'kutaya. Chidebe cha madzi ukachisiya chosavundikira, pamwamba pamayandama zakuda. Ukauza munthu wa kutali amati, mayi, mukudandaula zochapa? Inde n'zochapa, koma n'zochapa za tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo chimene chikugwera pa ufa chikulowanso m'chifuwa cha mwana wanga. Akaphulitsa miyala kumgodi mawindo amanjenjemera, makoma ena anang'ambika. Kumbukiraninso abale athu amene anasamutsidwira ku Cateme cha m'ma 2009 ndi 2010 kuti migodi itsegulidwe. Madandaulo awo analinso ooneka ngati a pakhomo: nyumba yang'ambika, madzi akuvuta, munda ndi wamiyala, msika uli kutali. Sanamvedwe mpaka mu Januwale 2012 pamene anatseka njanji ya sitima za malasha. Ndiye agogo Jere, ndi ulemu wonse, si chilichonse chopanda mfuti chimene chili chaching'ono.

aJere (Dómuè): Mayi a Chisomo, mawu anu ndawalandira. Fumbi lolowa m'chifuwa cha mwana sindingalitchule laling'ono. Ndipo ndikuuzeni china chimene achinyamata sachidziwa. Ku Malawi kuja, titapulumuka imfa, tinkakanganabe pa zinthu zazing'ono. Tsiku lolandira chakudya anthu ankayima pa bisha (pamzere) ndi makhadi awo, ndipo ndewu inkabuka chifukwa woyeza nyemba wapungula pang'ono pa mbale ya wina. Amayi ankanyanyalitsana chifukwa cha nkhuni kapena malo pachitsime. Mtima wa munthu sumasiya kumva kuwawa chifukwa choti udaona zazikulu. Koma ndidaona ndi maso anga kuti mayi amene adalandana nkhuni ndi amayi anga Lachitatu ndi yemweyo adabwera kudzawagwira mutu atadwala malungo Loweruka, chifukwa padalibe wina. Akadatukwanana mpaka kutchulana makolo, akadabwera? Changa n'chimenecho. Kwiyani, nenani, funani chenji chanu, koma musiye khomo loti mawa mudzalowerepo.

Anamwino (Tsangano): Ndinali pa ntchito, ndangowerenga zonse tsopano. Ndinene za thupi, chifukwa ndi zimene ndimaona. Munthu akakwiya mtima umagunda mofulumira ndipo magazi amakwera. Kwa munthu wabwinobwino zimatsika pakapita kanthawi. Koma alipo ambiri amene ali ndi BP osadziwa, chifukwa matendawa nthawi zambiri sapweteka paliponse mpaka tsiku limene munthu wagwa, mkono ndi mwendo zafa mbali imodzi. Kwa otere, kupsa mtima m'mawa, masana ndi madzulo kumawonjezera katundu pa mtima wotopa kale. Amene mwapitirira zaka 40 kayezetseni, sizitenga nthawi, ndipo chepetsani mchere.

China chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana. Mkwiyo wa pamsewu sumathera pamsewu. Bambo wachedwa pa bisha ya kubanki, makina atha ndalama iye atatsala pang'ono kufika, sangamenye makina, sangakalipire mlonda. Wafika kunyumba, mwana wazaka zisanu wataya kapu ya madzi, ndiye amene walandira zonse. Ana otupa makutu ndi ovulala manja timawalandira, ndipo ukafunsa bwinobwino chimene anachita umapeza kuti ndi kapu ya madzi yomweyo. Mukazindikira kuti mwafika pakhomo mtima uli m'mwamba, khalani kaye panja, imwani madzi, sambani, idyani. Njala, kutentha ndi kusagona zimafupikitsa mtima wa aliyense. Zimene wanena Yamikani za tulo ndi zoona, ndipo woyendetsa wosagona ndi ngozi pamsewu.

Nabanda (Tsangano): Anamwino mwanena. Koma ine ndili ndi funso kwa abambo pagulu pano: amene amagamula kuti ichi n'chaching'ono ndani? Mjigo wa m'mudzi mwathu unawonongeka mvula isanayambe. Abambo akakhala pa bawo amati, aa, akonza, musavutike. Iwo madzi amawapeza ali kale m'bafa. Amene timatsika kudambo mbandakucha, n'kukwera chitunda ndi chigubu cha malita 20 pamutu, mwana kumsana, ndife. Ndikafika kunyumba n'kupeza madzi aja wina watsukira njinga yamoto, ndikakwiya amati mayi uyu ngwolongolola, kanthu kakang'ono komweka. Kakang'ono kwa amene sanasenze. Ine zimene ndimazisiya zipite ndi zina: mnzanga wadumpha mzere kuchigayo, nkhuku za aneba zapalasa pa nazale yanga ya kabichi, wogula mbatatesi wandinyoza mtengo kenako wagulabe. Zimenezo pofika madzulo ndaiwala. Za mjigo sindiiwala chifukwa khosi limandikumbutsa.

Nachisale (Ulongue): Achemwali, apa ndiye mwalasa. Abambo ali pagulu pano awerenge kawiri.

aBanda a lole (Zóbuè): Ndawerenga kawiri, mayi, ndipo kwathu ndikafunsa amene amatunga madzi otsukira galimoto. Ine ntchito yanga ndi kudikira. Pa chipata cha Zóbuè kupita ku Mwanza, pa Cuchamano kupita ku Zimbabwe, pa Calómuè, pa Cassacatiza, paliponse ndi mapepala ndi mzere. Sisitemu ikagwa mumagona pomwepo. Ndili wachinyamata ndinkatsika m'galimoto n'kumazungulira, kuimba hutala, kukalipira aliyense wovala yunifolomu, mzere osasuntha ngakhale phazi limodzi. Amene anandiphunzitsa ndi mdala wina wa ku Zimbabwe amene ankayenda msewu womwewu nthawi ya nkhondo, malole akuperekezedwa ndi asilikali kuchoka ku Nyamapanda mpaka ku Zóbuè. Iye akaona kuti mzere wayima, ankatulutsa mbaula, kuyala katoni pamthunzi wa lole, kuvundula nsima, kuwotcha nsomba zake zouma za chikowa, n'kuitana amene ali pafupi. Pano inenso ndimayenda ndi mbaula, ufa ndi kapenta. Maola ake ndi omwewo, koma ndimafika ku Blantyre mutu usakupweteka.

Achinyamata a mu Tete sakumbukira kuti 2014 isanafike mlatho unali umodzi, wa Samora Machel, ndipo malole tinkandanda mtunda wautali kudikira kuwoloka Zambezi. Wa Kassuende utatsegulidwa zinapepuka, koma lero tayiwala, tikudandaula zolipira pa mlatho. Ndipo mu Januwale 2022, namondwe Ana atadutsa, mtsinje wa Revúbuè unadula mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize, madzi analowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi, anthu anafa. Masiku amenewo palibe amene ankakamba za chenji. Aliyense ankangoimba foni kufunsa ngati abale ali moyo. Chakudza sichiimba ng'oma. Ndikakumbukira zimenezo, woyendetsa wina akandipanikiza pamsewu ndimangomusiya adutse.

Yamikani wa chopela (Tete): Za Ana ndikuzikumbukira bwino, amalume. Tinkanyamula anthu ndi katundu wonyowa, matiresi pamwamba pa chopela, ena osawalipiritsa. Zoona, sabata imeneyo sindinakwiyire munthu. Koma patapita mwezi ndinayambiranso kukwiya ndi maenje a mumsewu. Ndiye kapena munthu sangakhale akukumbukira zazikulu nthawi zonse.

Aphunzitsi (Furancungo): Sangathe, Yamikani, ndipo sindikuganiza kuti ayenera kutero. Munthu sangamakumbukire chigumula nthawi iliyonse imene wapunthwa chala. Ine chimene chimandithandiza ndi kufunsa ngati chinthucho chitha chokha. Choko chatha m'kalasi, mwana wabwera mochedwa chifukwa mtsinje unadzaza, njinga yaphulika tayala pa msewu wathu wafumbiwu: zimenezi zimatha zokha, ndikazikwiyira ndangotaya mphamvu. Koma chimene chikubwera tsiku ndi tsiku, kwa anthu ambiri, ngati fumbi la Mayi a Chisomo kapena mjigo wa Nabanda, sichitha ndi kupuma mozama, ndipo sichithanso ndi kutukwana pa WhatsApp. Chimafuna anthu akhale pansi, alembe tsiku ndi tsiku zimene zikuchitika, ajambule zithunzi, apite kwa mfumu kapena kwa sekeretale wa bairo ali gulu, osati mmodzimmodzi. Ndaona kuti amene amapsa mtima pa chilichonse, ikafika nkhani yeniyeni anthu amakhala atatopa naye kale, samumveranso.

aPhiri (Ulongue): Nanga mameti anga 10 ali mbali iti, aphunzitsi?

Aphunzitsi (Furancungo): Akachitika kamodzi, kafuneni mwaulemu n'kusiya. Ngati ndi galimoto yomweyo ndipo anthu ambiri akudandaula, lembani nambala yake mupite nayo kwa oyang'anira siteji. Pa siteji iliyonse pali amene amandandalitsa magalimoto, ndipo eni magalimoto safuna mbiri yoipa.

Mnyamata wa shapa (Ulongue-Tete): Zimenezo n'zoona. Wakuba mmodzi amatiipitsira tonse, ife tomwe timafuna achotsedwe.

Mayi a Chisomo (Moatize): Anamwino, poti muli pano. Mwana wanga wamkulu akutsokomola kwa nthawi tsopano, makamaka usiku. Ndimangoti ndi fumbi lomweli.

Anamwino (Tsangano): Mayi, musachitenge ngati chozolowereka. Chifuwa chikafika masabata awiri osasiya, apite akayezedwe TB, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku, akutentha thupi kapena akuwonda. Kuyeza ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma n'kwaulere, ndipo amachira akamwa mankhwala mpaka kumaliza. Kungakhalenso mphumu kapena fumbilo, koma zimenezo akanene ndi amene amupima. Musamugulire mankhwala a pamsika kaye, amasokoneza.

Mayi a Chisomo (Moatize): Zikomo, mawa m'mawa ndipita naye asanalowe m'kalasi.

Nabanda (Tsangano): Aphunzitsi, za kupita gulu tinayesa. Komiti ya mjigo ilipo, tinasonkha ndalama mwezi watha, amene amakonza anabwera n'kutsegula. Akuti paipi sinasweke, zatha ndi marabala a pansi ndi ndodo imodzi yapindika. Vuto ndi kopeza zipangizozo, kuno m'magolosale mulibe, ndipo panopa mvula yayamba, msewu wathu ndi matope okhaokha, magalimoto a mbatatesi akutitimira. Walira mvula walira matope, mbewu zikufuna mvulayi, koma kutuluka kuno kwavuta.

aBanda a lole (Zóbuè): Mjigo wake ndi wa mtundu wanji, mayi? Ngati ndi Afridev, zipangizo zake zimapezeka mu Tete ngakhalenso ku Malawi, chifukwa mijigo yambiri mbali zonse ziwiri ndi yomweyo. Uzani wokonzayo ajambule marabalawo ndi ndodoyo, ayeze kutalika kwake, munditumizire kumbali. Loweruka ndikhala mu Tete, ndikagula. Kubweretsa kokha ndi kumene sindingathe, njira yanga sidutsa kwanuko.

Mnyamata wa shapa (Ulongue-Tete): Marabala ndi ndodo imodzi si katundu, amalume. Mundipatse pa siteji Loweruka masana, ndikazisiya kwa Amayi Nachisale ku Ulongue.

Nachisale (Ulongue): Ndilandira. Achemwali Nabanda, Lolemba kuli mnyamata wa njinga yamoto amene amabwera kudzatenga feteleza wa anthu akwanuko, ndimupatsira iyeyo. Ndalama yake mutumize kwa aBanda mwachindunji akakuuzani mtengo.

Nabanda (Tsangano): Ambuye akudalitseni nonse. Ndikupita kwa wokonzayo pompano kusanade, zithunzi zifika usiku uno netiweki ikalola.